Mutu 7: Netiweki Yodziyendetsa Yokha

Foni ya m'manja ikamagwira bwino, mwini wake saganizako n'komwe za ntchito imene ikuchitika kuseri. Tiyerekeze munthu amene ali m'basi pa msewu wa M1, wanyamuka ku Blantyre ulendo wa ku Lilongwe, ndipo ali pa foni ndi m'bale wake. Basi ili pa liwiro, foniyo imakhala ikuyeza mphamvu ya mafunde a nsanja imene yaigwira, kuyezanso ya nsanja zoyandikana nayo, n'kumauza netiweki zimene yapeza. Nsanja ya kumbuyo ikayamba kufooka, netiweki imalamula foniyo kuti isamukire ku ya kutsogolo, ndipo kusamukako kumatha sekondi isanakwane, mawu osaduka. Kuti izi zitheke, nsanja iliyonse iyenera kudziwa anansi ake, mphamvu yoyenera kuulutsira, kapendekekedwe ka eriyo yake, ndi mlingo umene mafunde ayenera kutsikira foni isanaperekedwe kwa mnansi. Zoyenera kutchera pa nsanja imodzi zimafika mazana, ndipo kampani yaikulu imakhala ndi nsanja zikwizikwi, zambiri zitasenza 2G, 3G, 4G, mwinanso 5G pa mlongoti umodzi. Mzinda ukakula, nyumba zosanja zikamangidwa, anthu akadzaza bwalo la mpira Loweruka masana, miyezo imene inali yolondola dzulo imakhala itaphonya lero. Palibe gulu la mainjiniya, kaya likule chotani, limene lingalondoloze zonsezi ndi manja.

N'chifukwa chake mkangano wakuti netiweki iziyendetsedwa ndi makompyuta kapena ndi anthu unatha kale. Kukula kwa ntchitoyo ndiko kunaugamula. Chimene chatsala ndi kuona kuti kampani ipereke mphamvu zochuluka bwanji kwa makinawo, ndiponso mwa changu chotani. Maganizo anga ndi akuti mphamvu ya makina yosintha zinthu mu netiweki isamakule kuposa mphamvu ya anthu yoona chimene chasinthidwa, kuchiimitsa ndi kuchibweza. Makampani amakonda mphamvu yoyambayo poti phindu lake limaoneka msanga m'mabuku a ndalama. Yachiwiriyo ndi yodula, sioneka tsiku ndi tsiku, ndipo kufunika kwake kumadziwika tsiku limene netiweki yathima dziko lonse.

Kale chida chilichonse cha netiweki chinali bokosi lachitsulo lopangidwira ntchito imodzi, ndipo kampani iliyonse yopanga zida, kaya Ericsson, Nokia, Huawei kapena ZTE, inkabwera ndi pulogalamu yakeyake yoyang'anira mabokosi ake. Injiniya ankakhala pa kompyuta n'kumalemba malamulo limodzilimodzi, ndipo pofuna kudziwa ngati dera lina likugwira bwino, ankapakira zida m'galimoto n'kumazungulira misewu akuyeza. Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Bungwe la 3GPP, limene limalemba ndondomeko za kapangidwe ka netiweki za mafoni padziko lonse, linamaliza Release 8 mu 2008, gawo limene linabweretsa LTE, ndipo linaikamo njira zoti nsanja izidzikonza yokha pa zinthu zina. Chitsanzo chosavuta ndi mndandanda wa anansi uja. M'malo moti munthu aulembe, foni ya kasitomala ikamva nsanja yachilendo imauza nsanja imene yaigwira, ndipo nsanjayo imadzilembera yokha mnansi watsopanoyo. Mu October 2012 makampani akuluakulu 13 a zamatelefoni anatulutsa chikalata chopempha kuti ntchito za mabokosi apadera zisanduke mapulogalamu oyenda pa maseva wamba, ndipo bungwe la ETSI la ku Ulaya linasenza ntchitoyo pansi pa dzina lakuti NFV. Chida chikasanduka pulogalamu chingathe kukopedwa, kusamutsidwa, kukulitsidwa kapena kuzimitsidwa ndi pulogalamu inzake popanda munthu kugwira sipanala.

Ganizoli linafika pachimake ndi 5G. Mu Release 15 ya 2018, phata la netiweki linagawidwa m'tizigawo, kalikonse ndi ntchito yake: kena kolembetsa foni ndi kulondola kumene ili, kena kotsegula njira ya data, kena kosunga mbiri ya kasitomala, kena koyang'anira malire a bandulo yake. Kagawo kalikonse kamalengeza ntchito zake m'kaundula wotchedwa NRF, ndipo kofuna thandizo kamafufuza m'kaundulamo n'kupeza kanzake koti kakathandize. Tizigawoti timalankhulana kudzera mu HTTP/2 ndi JSON, njira zomwe zija zimene masamba a pa intaneti amadalira. Kayendetsedwe ka netiweki nako kanatsata mapazi omwewo. Kulandira machenjezo a zowonongeka, kuyeza mmene mafoni akuyendera, kutchera zida, zonsezi zinasanduka ntchito zimene pulogalamu ina imapereka ndipo ina imaitanitsa, mosafunsa kuti inapangidwa ndi kampani iti. Kumene zonsezi zikulowera n'kwakuti woyendetsa netiweki azingonena chimene akufuna, monga amachitira mayi pa chigayo: amangoti chimangachi chikonoledwe kapena chigayidwe mgaiwa, za sefa yoti iikidwe ndi kayendedwe ka injini n'kusiyira wachigayo. Kampani yotsitsa katundu pa doko ingapemphe gawo lakelake la netiweki, lofika dera lakuti, lonyamula zida zakuti, losachedwa kupyola mlingo wakuti, ndipo mapulogalamu ndi amene amagawa mafunde, maseva ndi njira, n'kumalondera ngati lonjezolo likusungidwa. Mu December 2017 ETSI inakhazikitsa gulu la ZSM, lofuna kuti netiweki izitha kuona vuto, kulisanthula, kusankha chochita ndi kuchichita popanda dzanja la munthu.

Ubwino wa zimenezi si nkhambakamwa. Magetsi ambiri amene kampani ya mafoni imawononga amathera pa nsanja, ndipo nsanja zambiri zimaulutsa ndi mphamvu zonse usiku pamene anthu ali m'tulo. Pulogalamu imene yaphunzira kuti dera lakuti limati zii kuyambira pakati pa usiku mpaka mbandakucha ingagoneke mafunde ena n'kuwadzutsa anthu akayamba kuimba, ndipo kumene nsanja zimadalira jenereta, ola lililonse lotere ndi dizilo wopulumutsidwa. Nsanja ina ikafa, zoyandikana nayo zingathe kuwonjezera mphamvu ndi kudzutsako eriyo kuti ziphimbe mpatawo podikira amisiri amene ali pa ulendo wa msewu wamatope. Ku Japan, Rakuten Mobile inayamba kugulitsa ntchito zake mu April 2020 pa netiweki imene pafupifupi yonse inamangidwa ngati mapulogalamu, ndipo inasonyeza kuti nsanja yatsopano ingathe kudzikonza yokha ikangolumikizidwa, ntchito imene kale inkadya masiku a injiniya. Wokana zonsezi akukana zinthu zooneka ndi maso.

Koma walira mvula walira matope. M'mawa wa pa 8 July 2022, kampani ya Rogers ku Canada inali mkati mokonzanso phata la netiweki yake, ntchito imene inagawidwa m'magawo 7. Pa gawo lachisanu ndi chimodzi, ogwira ntchito anachotsa sefa ina pa marauta ogawa, makina amene amauza data njira yoti idzere. Sefayo inkatchinga mauthenga a njira kuti asakhamukire onse ku marauta a pakati. Itachoka, mauthengawo anasefukira, marauta a pakati analemedwa kupyola mphamvu zawo, ndipo m'mphindi zochepa anagwa. Popeza mafoni a m'manja ndi intaneti ya m'nyumba zinkadutsa m'phata limodzi lomwelo, zonse zinathima pamodzi. Makasitomala oposa 12 miliyoni anakhala opanda netiweki, ena kupitirira tsiku lathunthu. Njira yolipirira ndi khadi ya Interac inaima, masitolo n'kuyamba kufuna ndalama za m'manja, ndipo anthu ambiri analephera kuimba 911, nambala ya pangozi.

Kafukufuku amene bungwe loyang'anira zamatelefoni la CRTC linachititsa, wolembedwa ndi kampani ya Xona Partners, anaulula zinthu ziwiri zimene ndi zofunika kuposa nkhani ya sefayo. Choyamba, ntchito yonseyo poyamba inaikidwa m'gulu la zoopsa kwambiri, koma njira yowerengera kuopsa imene kampaniyo inkagwiritsa ntchito inkatsitsa mlingowo gawo lililonse likayenda bwino. Pofika gawo lachisanu ndi chimodzi, kusinthako kunali kutalembedwa kuti n'kosaopsa, motero sikunafunenso kuunikidwa mozama, kuvomerezedwa ndi akuluakulu kapena kuyesedwa kaye m'labu. Kupambana kwa magawo asanu kunachotsa mlonda pa gawo limene linali ndi msampha. Chachiwiri, njira imene mainjiniya ankalowera m'marauta kuti awakonze inkadutsa m'phata lomwe linagwalo. Netiweki itathima, iwonso anatsekeredwa kunja. Mafoni awo anali a Rogers yomweyo, ndipo masimukhadi a makampani ena oti alankhulirane anali osakwanira, moti anachita kutumiza anthu ndi kuwagawira. Panadutsa maola pafupifupi 14 asanathe kuwerenga zolemba za marauta ndi kupeza gwero la vutolo. Sefa inachotsedwa m'kamphindi, koma kuona chimene chachitika kunadya tsiku.

Sabata imodzi m'mbuyo mwake, pa 2 July 2022, KDDI ya ku Japan inalakwitsa njira pokonza rauta, ndipo mawu a pa foni anaduka kwa mphindi pafupifupi 15. Mainjiniya anabweza kusinthako, koma mafoni mamiliyoni anali atayamba kale kudzilembetsanso, monga anapangidwira, ndipo kugogoda kwawo kobwerezabwereza kunatsamwitsa makina a mawu ndi nkhokwe ya makasitomala. Vutolo linatha patapita maola oposa 61, litakhudza anthu oposa 30 miliyoni. Pa 8 November 2023, marauta a Optus ku Australia analandira mauthenga a njira ochuluka kupyola malire achitetezo amene anabwera nawo kuchokera ku fakitale, ndipo anadzichotsa okha pa netiweki kuti adziteteze. Anthu pafupifupi 10 miliyoni anakhudzidwa, oposa 2,000 analephera kuimba 000, nambala ya pangozi ya kumeneko, ndipo mkulu wa kampaniyo, Kelly Bayer Rosmarin, anatula pansi udindo mwezi womwewo. Pa 22 February 2024, AT&T ku America inalowetsa chida chotcheredwa molakwika, ndipo patangopita mphindi zitatu netiweki inadzitseka yokha podziteteza. Malinga ndi bungwe loyang'anira zamatelefoni la FCC, zida zoposa 125 miliyoni zinachotsedwa, mafoni oposa 92 miliyoni sanadutse, kuphatikizapo oposa 25,000 opita ku 911. Kubweza cholakwikacho kunatenga pafupifupi maola awiri, koma kulembetsanso mafoni onse kunatenga osachepera 12.

Wina anganene kuti nkhani zonsezi zikuikira kumbuyo makina, poti pa chiyambi cha pafupifupi iliyonse pali munthu amene analakwitsa, ndipo mankhwala ake ndi kumuchotsa munthuyo. Pali choonadi pamenepo. Munthu wotopa amene akulemba malamulo usiku pakati amalakwitsa kawirikawiri kuposa pulogalamu imene inayesedwa bwino, ndipo FCC inapeza kuti kusintha kwa AT&T kunalowa popanda kuunikidwa ndi injiniya wachiwiri monga malamulo a kampaniyo ankafunira, chinthu chimene makina akanatha kukakamiza. Koma tikayang'ana bwino, dzanja la munthu linangoyatsa machesi. Chimene chinafalitsa motowo chinali makina ochita ndendende zimene anauzidwa. Marauta a Optus sanawonongeke, anamvera malire awo. Mafoni a KDDI sanapenge, anatsata ndondomeko. Njira yowerengera kuopsa ya Rogers inachita masamu ake molondola pa mfundo yolakwika. Munthu sachoka mu netiweki yodziyendetsa, amangosuntha: amachoka pa kiyibodi ya usiku uja n'kupita pa tebulo pamene pamalembedwa malamulo a makinawo, ndipo cholakwa chake cha pa tebulopo chimagona miyezi kapena zaka, kenaka n'kubuka pa zida zonse nthawi imodzi. Injiniya wa kale ankawononga nsanja imodzi pa usiku umodzi. Lamulo lolakwika lolowetsedwa m'pulogalamu yoyendetsa lingawononge zikwi khumi khofi asanazizire.

Mu 2019 bungwe la TM Forum linayala makwerero oyezera kudziyendetsa kwa netiweki, kuyambira 0, pamene zonse zimachitidwa ndi manja, mpaka 5, pamene netiweki imadzichitira zonse. Makampani ambiri akuluakulu alengeza kuti akulunjika pa 4. Makwererowa ndi othandiza poyerekeza makampani, koma amakopa atsogoleri kuti aziwerenga ntchito zimene zachotsedwa m'manja mwa anthu ngati chizindikiro cha kupita patsogolo. Muyezo woona ukanakhala wina. Kodi kusintha kumalowa kaye m'dera laling'ono n'kudikira kuti aone zotsatira, kapena kumagwa pa dziko lonse kamodzi? Kodi pulogalamu ikaona kuti mafoni odutsa atsika imadzibweza yokha? Ikabweza, kodi phata lili ndi chipata cholowetsa mafoni pang'onopang'ono kuti asaphwanye khomo monga zinachitikira ku Japan? Kodi mainjiniya ali ndi njira yawoyawo yolowera m'makina, yosadalira netiweki imene akukonza? Zambiri mwa izi nazonso ndi ntchito za makina, ndipo apa m'pamene otsutsa makina amaphonya: chotetezera ku liwiro la pulogalamu nthawi zambiri ndi pulogalamu ina yoikidwa kuti iziikayikira. Kungoti mtundu uwu wa makina subweretsa ndalama, ndiye umakhala wotsiriza pa bajeti. Rogers inalonjeza kulekanitsa phata la mafoni a m'manja ndi la intaneti ya m'nyumba pa mtengo wa madola a ku Canada osachepera 250 miliyoni, ndipo mu September 2022 makampani a m'dzikolo anasainirana pangano lonyamulirana makasitomala pa nthawi ya ngozi. Zonsezi zikanatheka ngozi ya mu July 2022 ija isanachitike.

Ena amati kuyendetsa netiweki kudzera m'ntchito zoitanitsana kumachepetsa ngozi pakokha, poti kumamasula kampani ku goli la wopanga zida mmodzi. Ndilo linali loto la O-RAN Alliance, imene AT&T, China Mobile, Deutsche Telekom, NTT DOCOMO ndi Orange anayambitsa mu 2018: zida za pa nsanja zochokera kwa opanga osiyanasiyana, zoyang'aniridwa ndi pulogalamu imodzi yotchedwa SMO, imene pamwamba pake munthu angaikepo timapulogalamu ta makampani ena, kena kosunga magetsi, kena kowongolera kusamuka kwa mafoni. Mpikisano wotere ndi wabwino, koma uli ndi mtengo wake. Kapulogalamu kosunga magetsi kangagoneke mafunde amene kanzake koonetsetsa kuti aliyense akugwira kakufuna kuwadzutsa, tiwirito n'kumalandana chingwe usiku wonse, ndipo pafunika wina woweruza pakati pawo. Vuto likabuka m'netiweki ya opanga asanu, aliyense amaloza mnzake. N'zosadabwitsa kuti mu December 2023 AT&T, mmodzi wa oyambitsa gululo, inapereka kontirakiti yake ya Open RAN ya madola pafupifupi 14 biliyoni pa zaka zisanu kwa Ericsson, kampani imodzi yakale yomwe ija. Makomo otseguka amathandiza yekhayo amene ali ndi akatswiri otha kulumikiza zidutswazo ndi kumvetsa zimene zikuchitika pakati pake.

Apa m'pamene nkhani ya ntchito za anthu iyenera kukambidwa moona. Ntchito zina zidzathadi, makamaka zokhala pa sikirini kudikira machenjezo ndi zolemba malamulo obwerezabwereza. Koma kampani imene imaona makina ngati mpata wochotsera akatswiri ake odziwa netiweki kuchokera pansi ikudzikumbira dzenje, chifukwa tsiku limene makinawo asokonezeka, wofunika ndi munthu amene angawerenge zolemba za rauta n'kuzindikira chimene chalakwika. Luso lotere limafota likapanda kugwiritsidwa ntchito, choncho liyenera kuyesedwa dala, monga ozimitsa moto amayesera popanda moto.

Kwathu kuno nkhaniyi si yakutali. Anthu amatumiza ndalama kumudzi pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, kugula mayunitsi a magetsi ndi kulipira madzi pa foni, moti netiweki ikachoka malonda a pa msika amaima nawo. Umwini wa netiweki nawonso ukugawika: mu 2022 Helios Towers inagula nsanja zoposa 700 za Airtel Malawi, kutanthauza kuti mlongoti ndi jenereta zingakhale za kampani ina, zida za mafunde za ina, pulogalamu yoyang'anira yopangidwa kunja. Dziko la makampani awiri akuluakulu lili ndi pothawira pochepa kuposa Canada, ndipo dziko la mainjiniya ochepa lili ndi zifukwa zambiri zofunira makina komanso zambiri zoopera kuti nzeru zonse za netiweki yake zingatsalire m'manja mwa ogulitsa zida. Bungwe ngati MACRA, kuwonjezera pa kuyeza mafoni oduka ndi liwiro la data, lingachite bwino kumafunsa kampani iliyonse kuti kusintha kwakukulu kumayesedwa kuti, kumavomerezedwa ndi ndani, kumabwezedwa m'mphindi zingati, ndiponso ngati foni ya pangozi ingadutsire pa nsanja ya kampani ina yake ikathima.

Mafunsowa safunsidwa kamodzi n'kutseka faelo. Optus inalipitsidwa chindapusa cha madola a ku Australia oposa 12 miliyoni chifukwa cha mafoni a pangozi amene analephera mu 2023. Mu September 2025, zaka ziwiri zisanakwane, kampani yomweyo inali kukonza firewall ndipo mafoni mazana opita ku 000 anakanika kwa maola pafupifupi 13 m'zigawo zingapo za dzikolo, anthu ena n'kumwalira asanapeze thandizo. Mafoni wamba ankadutsa bwinobwino, motero vutolo silinaonekere msanga kwa oyang'anira netiweki, ndipo oyamba kuliona anali makasitomala amene anaimbira kampaniyo kudandaula.